Khutu Likafooka, Ubongo Umasenza Katundu Wowirikiza

M'Chichewa mawu akuti "kumva" amasenza matanthauzo ambiri. Timamva ndi khutu, timamva ululu, timamva nkhani ikafotokozedwa bwino, ndipo mwana waulemu timati ndi wakumva. Choncho wina akati "bambo aja samva", womvetsera sangadziwe msanga ngati akunena za matenda kapena za khalidwe. Kusokonekera kumeneku sikuthera pa mawu pokha. M'midzi ndi m'misika ya m'mawodi athu muli amayi ndi abambo amene makutu awo anafooka kwambiri, koma anzawo amawatenga ngati amwano, onyada, oiwalaiwala, mwinanso ozungulira mutu. Nkhaniyi ikufotokoza zimene akatswiri apeza zokhudza mgwirizano wa vuto lalikulu la kumva ndi kagwiridwe ntchito ka ubongo, makamaka mwa anthu a zaka zapakati pa 45 ndi 65.

Wina angafunse kuti nkhani ya makutu ikufunanji m'tsamba la chitukuko. Yankho lili m'kaundula wa makomiti athu. Anthu a msinkhu umenewu ndiwo amadzaza mipando ya ma VDC ndi ma ADC, ndiwo asungichuma a banki mkhonde, apampando a makomiti a sukulu ndi a mijigo, ankhoswe a mabanja, ndiponso ndiwo amalipirira ana ndi zidzukulu sukulu. Munthu wotere akayamba kujomba kumisonkhano chifukwa sakutsatira zokambirana, mudzi umataya nzeru zimene zinatenga zaka makumi ambiri kuti zikhwime. Kawirikawiri palibe amene amafunsa chifukwa chake. Timangosankha wina.

Vutoli ndi lalikulu motani

Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la chaka cha 2021 linati anthu oposa 1.5 biliyoni ali ndi vuto la kumva pamlingo wosiyanasiyana, ndipo mwa iwowa 430 miliyoni vuto lawo ndi lalikulu moti akufunika thandizo. Pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse a m'gulu lomalizali amakhala m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Kuno kwathu kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa anthu aulumali a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali ndi vuto la kumva. Kalembera amalemba zimene munthu wanena yekha, pamene ambiri amene makutu awo akufooka pang'onopang'ono sadzizindikira.

Kukula kwa phokoso kumayezedwa m'madesibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino, mawu awo amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Malinga ndi magawo a WHO, munthu amene khutu lake labwinopo limayamba kumva mawu akafika pa madesibelo 65 mpaka 80 ali ndi vuto lalikulu. Tanthauzo lake n'lakuti macheza wamba amamudutsa pafupifupi onse, ndipo ngakhale womukuwira amangomumva mwa apo ndi apo. Pamalo a phokoso, monga pamsika kapena m'minibasi, sangatolepo kanthu.

Mkati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi, tokwana pafupifupi 15,000 m'khutu lililonse. Timaselo timeneti ndito timasandutsa kunjenjemera kwa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Tikafa sitimeranso. Kawirikawiri timene timayamba kuwonongeka ndi tija timatola mawu opyapyala, monga "s", "f", "ts", ndi kampweya kaja kamasiyanitsa "p" ndi "ph". Ndiye taganizirani munthu amene kwa iye "pala" ndi "phala" zikumveka chimodzimodzi, "samba" ndi "tsamba" chimodzimodzi, "sala" ndi "fala" chimodzimodzinso. Liwu akulimva ndithu, koma mawuwo afika oduka mitu. N'chifukwa chake anthu otere amakonda kunena kuti, "Ndikumva kuti mukuyankhula, koma sindikumva chimene mukunena." Achibale amayesa mwano, pamene munthuyo wafotokoza matenda ake molondola kuposa mmene dokotala angachitire.

Zimene ofufuza apeza

M'chaka cha 2011, dokotala wa makutu Frank Lin wa pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America, pamodzi ndi anzake, anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anatsatira anthu 639 a mumzinda wa Baltimore kwa zaka pafupifupi 12. Poyamba onsewa analibe matenda a dementia, aja amafooketsa kukumbukira, kuganiza ndi kudzisamalira. Pamapeto pake zinaoneka kuti poyerekeza ndi anthu akumva bwino, chiopsezo chodwala matendawa chinali chowirikiza kawiri mwa amene anali ndi vuto laling'ono la kumva, katatu mwa amene vuto lawo linali lapakatikati, ndipo pafupifupi kasanu mwa amene vuto lawo linali lalikulu.

Kenaka gulu la akatswiri lokhazikitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet, motsogozedwa ndi Pulofesa Gill Livingston wa ku University College London, linasonkhanitsa umboni wochokera m'mayiko ambiri. Mu lipoti lawo la 2020 anatchula zinthu 12 zimene zimawonjezera chiopsezo cha dementia koma munthu kapena dziko lingathe kuchitapo kanthu, ndipo vuto la kumva pa zaka zapakati linali patsogolo pa zonse: anati pafupifupi odwala 8 mwa 100 alionse matenda awo angalumikizidwe ndi vutoli. Mu lipoti la 2024 zinthuzo zinafika 14 ndipo chiwerengero cha makutu chinakhala 7 mwa 100, komabe chili m'gulu la zikuluzikulu. Chofunika kuchigwira apa ndi nthawi. Dementia imaonekera kwambiri muukalamba, koma njira yake imalambulidwa zaka 20 kapena kuposerapo m'mbuyo, munthu akadali ndi mphamvu zolima ndi zoyendetsa geni.

Ziwerengerozi zisatiopseze mopitirira muyeso. Chiopsezo kukwera sikutanthauza kuti aliyense wosamva bwino adzadwala. Ambiri amakalamba nzeru zawo zili zakuthwa. Komanso zinthu ziwiri kupezeka pamodzi si umboni wokwanira wakuti china chabala chinzake. Akatswiri ali ndi zifukwa zingapo zofotokozera mgwirizanowu, ndipo n'kutheka kuti zonse zimagwira ntchito pamodzi.

Chifukwa choyamba ndi katundu amene ubongo umasenza. Munthu wakumva bwino sachita khama kuti amve. Mawu amangolowa, ndipo mphamvu zake zonse zimapita pa kulingalira tanthauzo ndi kusunga zimene wamva. Amene makutu ake anafooka amalandira zidutswa za mawu, ndipo ubongo umayenera kuzilumikiza, kulota mawu osowawo, kuyang'ana milomo ya woyankhula, kukumbukira mutu wa nkhani, zonsezi nthawi imodzi pamene woyankhulayo wapitirira kale. Tiyerekeze msungichuma wa gulu pamsonkhano wa pansi pa mtengo. Mphepo ikuomba, ana akusewera chapafupi, njinga yamoto yadutsa, ndipo mlembi akuwerenga mayina ndi ndalama ataweramira m'kope. Msungichumayo wagwira ntchito yolemetsa kuti angotola kuti atchula K15,000 kapena K50,000. Pofika madzulo akamufunsa zimene anagwirizana, sakumbuka. Sikuti waiwala, nkhaniyo sinapeze mpata wokhazikika, chifukwa mphamvu zoisungira zinathera pa kuimva. Amabwerera kunyumba ali wotopa ngati wachokera kudimba, mutu ukuwawa, mtima uli pafupi. Zikachitika tsiku limodzi si kanthu. Zikachitika tsiku lililonse kwa zaka 15, n'zomveka kuti ubongo ungakhudzidwe.

Chifukwa chachiwiri chimatuluka m'choyambacho. Munthu akatopa ndi kufunsa kuti "mwati bwanji?", komanso akasekedwa kangapo chifukwa choyankha zosemphana ndi funso, amayamba kudzipatula. Kutchalitchi kapena kumzikiti amakhala kumbuyo n'kutuluka msanga. Pamaliro amakhala phee pakona. Wailesi amaisiya chifukwa apabanja akudandaula kuti akukweza kwambiri, ndipo foni amapatsira mwana kuti amuyankhire. Komatu kucheza, kutsutsana, kuseka nthabwala ndi kuweruza milandu pabwalo ndizo ntchito zimene zimalimbitsa ubongo. Kusungulumwa ndi matenda a nkhawa zilinso pamndandanda womwe uja wa The Lancet, kotero vuto limodzi limakoka anzake awiri.

Zifukwa zina ziwiri n'zachidule. Zithunzi za ubongo zaonetsa kuti mwa anthu osamva bwino, zigawo za m'mbali mwa mutu zimene zimalandira mawu zimachepa msanga, monga mmene mnofu wosagwira ntchito umafotera. Ndiponso pali matenda amene amawononga khutu ndi ubongo nthawi imodzi chifukwa amaphwanya timitsempha ting'onoting'ono ta magazi: kuthamanga kwa magazi, shuga, ndi zotsatira za kusuta fodya.

Palinso msampha wina umene azaumoyo ndi achibale ayenera kuudziwa. Njira zambiri zoyezera kukumbukira zimadalira mawu: woyeza amatchula zinthu zingapo, n'kuuza munthu kuti azibwereze pakapita mphindi zochepa. Amene sanamve sangabwereze. Motero munthu wa nzeru zake bwinobwino angathe kuoneka ngati wayamba kusokonezeka. M'dziko lathu, kumene okalamba oyankhula zosagwirizana nthawi zina amanamiziridwa ufiti mpaka kuchitidwa chipongwe, kulakwitsa kotere si nkhani yaing'ono. Makutu ayambe ayezedwa munthu asanapatsidwe dzina lina lililonse.

Ndiyeneranso kunena mosapsatira kuti zonsezi sizikukhudza nzeru za anthu amene anabadwa osamva kapena anasiya kumva ali aang'ono n'kukula ndi chiyankhulo cha manja. Chiyankhulo chimenechi n'chokwanira ngati china chilichonse, ndipo ubongo umachigwiritsa ntchito mokwanira. Sukulu monga za ku Mua, Embangweni ndi Maryview, komanso bungwe la Malawi National Association of the Deaf, ndi mboni za zimenezi. Amene tikukamba pano ndi munthu amene moyo wake wonse unamangidwa pa mawu a pakamwa, ndipo mawuwo akumuthawa ali pakati pa ulendo.

Kodi zipangizo zothandizira kumva zimateteza ubongo? Kafukufuku wamkulu wotchedwa ACHIEVE, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2023, anatenga anthu 977 a zaka 70 mpaka 84 ku America n'kuwagawa pawiri: ena anapatsidwa zipangizo ndi uphungu wa makutu, ena maphunziro a zaumoyo okha. Patatha zaka zitatu, magulu awiriwa atawaonera pamodzi sanasiyane kwenikweni. Koma mwa anthu amene anali kale pachiopsezo chachikulu, kufooka kwa ubongo kunachedwa ndi pafupifupi theka mwa amene anavala zipangizo. Anthuwa anali okalamba ndipo vuto lawo silinali lalikulu ngati limene tikukamba, choncho wogulitsa aliyense wolonjeza kuti kachipangizo kake kamaletsa dementia akunena zoposa umboni. Chimene chilibe mtsutso n'chakuti munthu amene wayambanso kumva amabwerera kumsonkhano, kumsika ndi kumacheza. Kwa ine phindu limenelo n'lokwanira palokha.

Zimene zimawononga makutu kwathu kuno

Ukalamba uli ndi gawo lake, koma munthu wa zaka 50 amene ali ndi vuto lalikulu kawirikawiri pamakhala chinanso. Choyamba ndi mafinya a m'khutu amene anayamba paubwana n'kumabwerezabwereza, kuboola nembanemba ya m'khutu ndi kudya tifupa ta mkati. Ambiri anazolowera kungotsekapo thonje. Matenda oumitsa khosi, chikuku ndi matsagwidi nawonso amasiya anthu osamva.

Chachiwiri ndi phokoso la pantchito. Malire amene mayiko ambiri amatsatira ndi madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu, ndipo phokoso likakwera pang'ono chabe nthawi yotetezeka imatsika kwambiri. Njira yapafupi yodziwira ndi iyi: ngati mukuyenera kukuwa kuti munthu amene ali pamtunda wa mkono umodzi akumveni, phokosolo likuwononga makutu. Aliyense amene anaimapo m'chigayo akudziwa kuti m'menemo anthu amayankhulana ndi manja. Woyendetsa chigayo amakhalamo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chaka ndi chaka, makutu ali pamtunda. Chimodzimodzinso ocheka matabwa ndi makina, osula ndi kuwotcherera zitsulo, oswa miyala, ndi amene amakhala pafupi ndi zokuzira mawu pamaukwati, pamisonkhano ndi m'mapemphero. Munthu akamatuluka pamalo otere m'makutu mukulira, adziwe kuti timaselo tija tavulala. Zotsekera m'makutu n'zotsika mtengo poyerekeza ndi chipangizo chothandizira kumva, ndipo eni zigayo ndi mashopu ayenera kuziona ngati mbali ya zida za ntchito, monga mmene amaonera lamba wa injini.

Chachitatu ndi mankhwala ena amphamvu. Majakisoni monga gentamicin, streptomycin ndi kanamycin angathe kuwononga khutu la mkati, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene WHO inalangizira kuti kanamycin asiye kugwiritsidwa ntchito pochiza TB yosamva mankhwala. Kwinini nayenso amaliza m'makutu. Izi sizikutanthauza kuti wodwala asiye yekha mankhwala amene wapatsidwa, chifukwa ena mwa iwo ndi opulumutsa moyo. Akaona kusintha kwa kamvedwe kapena chizungulire, auze dokotala msanga.

Pali chinanso chosavuta: phula la m'khutu likaundana limatseka njira, ndipo wachipatala amalichotsa m'mphindi zochepa. Kutokosa ndi kamtengo ka machesi, nthenga kapena chipanera kumangolikankhira mkati, ndipo kudonthezera m'khutu madzi a masamba kapena mafuta osadziwika kwapweteketsa ambiri.

Koyambira

Ulendo umayambira pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu, kumene angayang'ane m'khutu, kuchiza mafinya, ndi kukutumizani kuchipatala cha boma ngati pakufunika kutero. Kuyeza kwenikweni kwa kamvedwe ndi kuika zipangizo kumachitika ku kiliniki ya makutu ya pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, pakati pa malo ena ochepa. Kunena zoona, akatswiri a makutu m'dziko muno ndi ochepa ndipo ulendo wake umafuna ndalama. Amene ali ndi foni yamakono angayambe ndi pulogalamu yaulere ya WHO yotchedwa hearWHO, imene imatchula manambala pakati pa phokoso kuti munthu aone ngati akufunika kukayezetsa. Popita kukayezetsa makutu, yezetsaninso shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Chipangizo chothandizira kumva sichili ngati magalasi a maso amene mukangovala zonse zimawala. Chimayenera kutcheredwa molingana ndi khutu la mwini wake, chimafuna mabatire ndi kuchiteteza ku chinyontho, ndipo ubongo umene unazolowera bata umatenga milungu ingapo kuti uzolowerenso phokoso la mbale ndi kulira kwa nkhuku. Ambiri amachitaya m'sabata yoyamba, n'kumauza anzawo kuti sichithandiza. Zipangizo zogula pamsika popanda kuyezedwa zimangokweza phokoso lonse, ndipo zina zingathe kuwonjezera vuto. Kwa amene vuto lawo lafika poti chipangizo sichikuthandiza, pali opaleshoni yoika kamakina mkati mwa khutu, koma ndi yokwera mtengo kwambiri ndipo sipezeka wamba. Kuphunzira kuwerenga milomo, kulemberana ndi chiyankhulo cha manja ndi njira zenizeni, osati zochititsa manyazi.

Chizindikiro chimodzi sichilola kudikira. Khutu limodzi likasiya kumva mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena m'masiku awiri atatu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala ake amagwira bwino akayambidwa m'masiku oyambirira.

Pakhomo ndi pamsonkhano

Mbali yaikulu ya katundu uja achibale angathe kuipepula popanda kulipira tambala. Kuitana munthu muli kuseri kwa nyumba n'kumakwiya kuti sakuyankha n'kudzivutitsa chabe. Mufikeni pafupi, mumukhudze paphewa, munene kuti, "Amayi, tayang'anani kuno," ndipo muyambe mwatchula mutu wa nkhani: "Ndikunena za feteleza." Ubongo ukadziwa mutu, umalumikiza zidutswa zija mosavuta. Yankhulani momveka ndi modekha, nkhope yanu ili powala, pakamwa popanda chakudya. Kukuwa kumapotoza mawu ndi milomo yomwe, ndiponso kumamveka ngati kukalipa. Akapanda kumva kawiri, sinthani mawu m'malo mobwereza omwewo. Mawu opweteka kwambiri kwa munthu wotere ndi akuti, "Basi zisiyeni, si zofunika." Akawamva kangapo amasiya kufunsa.

Kwa makhansala, mafumu ndi apampando a makomiti, pempho la ofesi yathu n'lakuti kayendetsedwe ka misonkhano kaganizire anthu amenewa. Mpando wa kutsogolo usakhale wa maudindo okha. Woyankhula aimirire, ayang'ane anthu, ndipo aziyankhula mmodzimmodzi. Funso lochokera kumbuyo wapampando alibwereze asanaliyankhe. Ziwerengero za ndalama, masiku ndi mayina a opindula zilembedwe pabolodi kapena papepala lalikulu, zomwe zimathandizanso aliyense kutsatira mmene chuma cha chitukuko chikuyendera. Membala amene kale ankatsutsa ndi kufunsa mafunso akayamba kungogwedeza mutu pa chilichonse, kapena kujomba popanda chifukwa, mmodzi wa akuluakulu amuyendere kunyumba ndi kucheza naye pamalo a bata asanaganize zomulowetsa m'malo.

Tsiku loganizira za makutu padziko lonse limakhala pa 3 Malichi chaka chilichonse. Makomiti a zaumoyo a m'midzi amene angakonde kuti nkhaniyi ikambidwe m'dera lawo, kapena amene akudziwa anthu ambiri ofunika kuyezedwa, apereke mayina a midzi yawo kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kapena kwa khansala wa wodi yawo, kuti ofesi ya zaumoyo ya khonsolo idziwe kumene kufunika kuli kwakukulu.